Kuunika Zipangizo Zophunzitsira Zolembedwa M'sukulu za Sekondale: Uthenga kwa Makolo a kwa Katunga ndi Chigwa Chonse cha Shire

Unduna wa Zamaphunziro ukufuna kufotokozera makolo, alimi, ochita malonda ndi anthu onse, makamaka a m'dera la Mfumu Yaikulu Katunga m'boma la Chikwawa ndi madera ena a m'chigwa cha mtsinje wa Shire, za ntchito imene aphunzitsi a m'sukulu za sekondale amagwira pounika zipangizo zophunzitsira zolembedwa. Nkhaniyi ikukhudza banja lililonse limene lili ndi mwana ku sekondale, popeza ndalama zogulira mabuku ndi timabuku ta notsi zimachokera ku thonje, chitowe, mapira, nsomba, mbuzi ndi geni ya pamsika. Kholo likadziwa kusiyanitsa chipangizo chounikidwa ndi chosaunikidwa limateteza ndalama zake komanso tsogolo la mwana wake.

Kodi zolembedwa n'chiyani?

Pa maphunziro a Chichewa ndi Chingerezi pali gawo la nkhani za mchezo ndi zolembedwa. Nkhani za mchezo ndi zija makolo athu akhala akupatsirana pakamwa: nthano, miyambi, zilapi, ndagi, nyimbo za pamtondo ndi za magule. Zolembedwa ndi ndakatulo, masewero, nkhani zazifupi ndi zazitali zimene zinasindikizidwa m'mabuku. Wophunzira amayenera kudziwa apangankhani, malo ndi nthawi imene nkhani ikuchitikira, tsatanetsatane wake, mfundo zikuluzikulu ndiponso luso la chiyankhulo limene mlembi wagwiritsa ntchito.

Gawoli limafunsidwa pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limayendetsa. Wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Choncho mwana amene sakumvetsa buku la zolembedwa akuika pachiswe zaka zinayi za sukulu pamodzi ndi ndalama zonse zimene banja lawononga pa iye.

Mitundu iwiri ya zipangizo

Mtundu woyamba ndi wa mabuku ovomerezeka. Bungwe la Malawi Institute of Education, lomwe lili ku Domasi m'boma la Zomba, ndilo limakonza silabasi ndi kuunika mabuku amene makampani osindikiza amapereka, kenako Unduna umalengeza mndandanda wa mabuku amene sukulu zonse ziyenera kugwiritsa ntchito. Mabukuwa ndi amodzimodzi dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo palibe mphunzitsi amene ali ndi mphamvu zochotsa buku pa mndandandawo kapena kuikapo lake.

Mtundu wachiwiri ndi wa zipangizo zothandizira, zimene aphunzitsi amakonza okha: notsi, mafunso oyeserera, zithunzi, timasewero ta m'kalasi, nthano zotoleredwa m'midzi ndi zitsanzo zochokera pa moyo wa m'deralo. Unduna wakhala ukulimbikitsa njira imeneyi, imene aphunzitsi amaidziwa ndi dzina loti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka komwe sukulu ili. Zipangizozi sizilowa m'malo mwa buku lovomerezeka. Ntchito yake ndi kutsegulira wophunzira khomo lolowera m'bukulo. Zimenezi ndizo aphunzitsi amaunika pasukulu, chifukwa zimalembedwa ndi munthu mmodzi, kawirikawiri mofulumira, ndipo cholakwika chikalowamo ana amachiloweza pamtima n'kukachilemba pa mayeso.

Ngakhale buku losindikizidwa kale limatha kubweretsa madandaulo. Ambiri akukumbukira kuti Unduna unachotsa m'sukulu buku la Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina atsogoleri a mpingo wa Katolika atadandaula ndi nkhani imodzi ya m'bukulo. Ngati zoterezi zimachitika ndi buku limene ladutsa m'manja mwa akonzi, kuli bwanji notsi zolembedwa usiku umodzi ndi munthu yekha?

Chifukwa chake zipangizo zimasinthidwa kuti zigwirizane ndi dera

Tiyeni titenge chitsanzo cha buku la The Pearl, lolembedwa ndi John Steinbeck wa ku America ndi kusindikizidwa mu 1947, limene ophunzira athu akhala akuwerenga pokonzekera MSCE. Nkhaniyi ikuchitikira m'mbali mwa nyanja ku Mexico. Kino, munthu wosauka amene amadalira kusaka ngale pansi pa nyanja, akupeza ngale yaikulu pa nthawi imene mwana wake walumidwa ndi chinkhanira ndipo dokotala wakana kumuthandiza chifukwa alibe ndalama. Akapita kukagulitsa ngaleyo, ogula akumuuza mitengo yotsika kwambiri, pakuti ngakhale akuoneka ngati akupikisana, onse ndi antchito a munthu mmodzi.

Mwana wa kwa Katunga sanaonepo ngale, koma chinkhanira amachidziwa, ndipo anaonapo bambo kapena mayi ake akubwerera ndi thonje kuchokera kumsika atakana mtengo wosalingana ndi thukuta lawo. Mphunzitsi akayamba phunziro ndi funso la mmene mlimi amamvera ogula onse akatchula mtengo umodzi wotsika, ana amalowa m'nkhani ya Kino ngati nkhani ya kwawo. Mwana wa msodzi wa kudambo la Elephant Marsh amamvetsanso msanga chifukwa chake kuboola bwato la Kino kunali kupha banja lonse.

Chimodzimodzi sewero la Macbeth la William Shakespeare. Mkulu wa asilikali wa ku Scotland akupha mfumu Duncan kuti alowe ufumu, ndipo akumaliza moyo wake mwamantha ndi mwamanyazi. Chingerezi cha seweroli n'chakale komanso chovuta, koma nkhani ya kulimbirana ufumu si yachilendo pamudzi uliwonse.

Ngakhale buku la Chichewa limafuna kumasulira. Nthondo, buku limene Samuel Josiah Nthara analemba n'kulisindikiza mu 1933, likufotokoza moyo wa pamudzi wa Achewa a m'chigawo chapakati. Mwana wa m'banja la Chimang'anja amazindikira msanga za chikamwini ndi mphamvu za malume pa ana a mlongo wake. Koma mwana wa m'banja la Chisena, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna ndipo ana amawerengedwa ku mbali ya bambo, amafuna kufotokozeredwa kaye. Mphunzitsi wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amakhala ndi ana a mitundu yonse iwiri m'kalasi imodzi, motero notsi zolembedwera ana a ku Dowa sizingamukwanire.

Chuma cha nkhani chimene chigwachi chili nacho

Chigwa cha Shire sichisowa zopereka ku phunziroli. Dzina la Katunga lenilenilo lili ndi mbiri yake. David Livingstone anafika koyamba m'derali mu 1859, ndipo ena mwa Amakololo amene anabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1860 n'kukhala mafumu. Katunga, Maseya ndi Kasisi ali m'gulu limenelo. Pambuyo pake doko la kwa Katunga ndilo linali pothera ulendo wa sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi a Kapichira. Katundu ankatsitsidwa pamenepo ndipo amtengatenga ankamusenza kukwera zitunda kupita ku Blantyre. Wophunzira amene akulemba nkhani yaifupi kapena sewero ali ndi malo, anthu ndi mikangano yeniyeni yoti atolepo.

Chimang'anja nacho chili ndi malo ake m'mbiri ya chiyankhulo chathu. M'busa David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja mu 1892, Chichewa chisanasankhidwe kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968.

Palinso nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Wansembe ndi wofufuza Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa njira zosiyanasiyana zimene anthu amafotokozera nkhaniyi m'buku lake la River of Blood la mu 1992, ndipo Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker potengera nkhani yomweyi. Apa ophunzira amaona ndi maso awo mmene nkhani ya mchezo imasandukira sewero lolembedwa. Tikawonjezera nyimbo za utse ndi likhuba, kaimbidwe ka ulimba, ndi miyambi monga uja woti madzi saiwala khwawa, umene mwana wa kuchigwa safuna kumasuliridwa, tikuona kuti mphunzitsi ali ndi zosankha zambiri. Vuto limene limakhalapo ndi kusankha moyenera.

Zimene aphunzitsi amayang'ana pounika

Choyamba, amaona ngati chipangizo chikugwirizana ndi silabasi. Nthano ikhoza kukhala yosangalatsa ana onse, koma ngati sikuthandiza wophunzira kuzindikira apangankhani, mfundo yaikulu kapena pampondachimera pa nkhani, ndiye kuti yadya nthawi ya phunziro pachabe.

Chachiwiri, amaona ngati zimene zalembedwa n'zoona. Mayina a apangankhani, dongosolo la zochitika ndi mathero a nkhani ziyenera kufanana ndi zimene zili m'buku. Apa ndi pamene kufanizira nkhani ndi moyo wa kwathu kumakhala ndi malire. Mwana akakalemba pa mayeso kuti Kino ankagulitsa thonje, walakwa. Chitsanzo cha thonje ndi mlatho wowolokera, ndipo notsi zabwino zimamubwezera wophunzira ku mawu a m'buku asanatuluke m'kalasi. Pa nkhani za mchezo, aphunzitsi amaonetsetsa kuti chipangizo chikunena kumene nkhaniyo yachokera. Nkhani ya Mbona imafotokozedwa mosiyana malinga ndi dera ndi banja la ufumu, choncho si bwino kuphunzitsa njira imodzi ngati kuti ndiyo yokha yolondola.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chake ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Palibe cholakwika mwana akafotokoza nthano ya agogo ake m'Chisena kapena m'Chimang'anja pokambirana m'kalasi. Komabe mayankho a mayeso a Chichewa amalembedwa motsata malamulo a kalembedwe, amene poyamba ankayang'aniridwa ndi Chichewa Board ndipo kuyambira mu 1996 ali m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi. Chipangizo chabwino chimaonetsa mawu a kwathu pamodzi ndi mawu ofanana nawo a Chichewa cha m'mabuku, kuti mwana adziwe zonse ziwiri komanso malo ake a chilichonse. Pa Chingerezi, aphunzitsi amakana notsi zimene zafewetsa chiyankhulo mpaka mwana kuona ngati buku lenileni n'losafunika.

Chachinayi ndi ulemu pa chikhalidwe ndi zipembedzo. Pali zinthu za kudambwe, za kuchinamwali ndi za kukachisi zimene eni ake salola kuti zilembedwe kapena kukambidwa pagulu. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma kuzindikiridwako sikupatsa munthu chilolezo choulula zinsinsi zake pabolodi. M'kalasi mumakhala Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, Asilamu ndi otsatira chipembedzo cha makolo, ndipo aliyense ayenera kutuluka m'phunziro osanyozedwa.

Chachisanu ndi chitetezo cha ana ndi anthu ena. M'sewero la Macbeth muli afiti atatu. Mphunzitsi wosasamala akhoza kupereka zitsanzo zimene zingachititse ana kuyamba kuloza zala agogo a pamudzi, pamene lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Nthano zina zakale zimaseka anthu olumala kapena kuonetsa mtsikana ngati chinthu chongoyenera ukwati, chonsecho kuyambira mu 2017 malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo sayenera kukwatiwa. Nthano zotere sizitayidwa zonse, koma zimaperekedwa pamodzi ndi mafunso othandiza ophunzira kuona chimene chinali cholakwika. Nkhani za madzi osefukira nazo zimafuna kusamala, chifukwa m'kalasi mukhoza kukhala mwana amene anataya m'bale wake.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mtengo ndi kulimba kwake. Anthu a kuchigwa sanaiwale madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi mabuku anaonongeka ndipo makalasi ena anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Chipangizo chimene chimafuna magetsi, kompyuta kapena mapepala ambiri pa mwana aliyense sichithandiza sukulu yoyendera ya kumudzi. Aphunzitsi amakonda zimene zingalembedwe pabolodi, kuseweredwa pansi pa mtengo, kapena kusungidwa m'sukulu zingapo kuti imodzi ikakhudzidwa ndi madzi ikabwereke kwa inzake.

Mmene kuunikako kumayendera

Mphunzitsi akakonza chipangizo amayenera kuchionetsa kwa mkulu wa gawo la ziyankhulo pasukulupo, yemwenso amayang'anira mapulani a ntchito ya aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi. Anzake amachiwerenga atatsegula buku lovomerezeka ndi silabasi pambali. Kenako chimayesedwa m'kalasi, ndipo mayankho a ophunzira ndiwo amaonetsa ngati chathandiza. Ana akaseka ndi kusangalala koma n'kulephera kufotokoza chifukwa chake Kino anaponya ngale ija m'nyanja, chipangizocho chimabwerera kukakonzedwa.

Sukulu zoyandikana zimakhala m'magulu otchedwa makalasta, ndipo kumeneko aphunzitsi amatha kugawana zimene akonza ndi kudzudzulana. Paja mutu umodzi susenza denga. Njira imeneyi ndi yofunika kwambiri ku sukulu zoyendera, kumene nthawi zina mphunzitsi mmodzi amasenza yekha phunziro lonse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Alangizi ndi oyendera sukulu ochokera ku ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kumwera chakumadzulo, imene imayang'anira sukulu za sekondale za ku Blantyre, Chikwawa, Nsanje, Mwanza ndi Neno, amaonanso zipangizozi akafika pasukulu.

Pempho kwa makolo ndi mafumu

Musanagule kabuku ka notsi pamsika, funsani mphunzitsi wa mwana wanu mayina a mabuku amene ali pa mndandanda wa chaka chimene mwanayo adzalembe mayeso, popeza mabuku amasinthidwa pakapita nthawi. Timabuku tina timafotokoza mabuku amene anachotsedwa kale. Kabuku kopanda dzina la wolemba kapena la wosindikiza mukaonetse kaye kusukulu musanatulutse ndalama. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani buku lenileni. Mabanja angapo akhozanso kusonkherana kuti ana awo aziwerengera limodzi.

Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muthandize mwana. Madzulo mufunseni akufotokozereni m'chiyankhulo cha pakhomo nkhani imene akuwerenga kusukulu, ndipo mumufunse amene walakwa m'nkhanimo ndi chifukwa chake. Mwana amene wangoloweza notsi amasowa chonena pa funso lachiwiri.

Ophunzira akabwera kudzapempha nthano, miyambi kapena mbiri ya mudzi, alandireni. Auzeni zimene n'zololedwa kunena, ndipo zimene mwambo suloleza muwakanize poyera. Muli ndi ufulu wofunsa kumene nkhani yanu ikupita ndi kupempha kuti dzina la mudzi wanu litchulidwe. Mafumu akupemphedwa kuthandiza sukulu kupeza akuluakulu odziwa mbiri ya dera lawo nthawi ikadalipo.

Pempho kwa ochita malonda

Eni malo ochitira fotokope ndi ogulitsa mabuku akukumbutsidwa kuti lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza olemba ndi osindikiza, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira ufulu umenewu. Kuchulukitsa buku lonse n'kumaligulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Mchitidwewu umaphanso ntchito yolemba, pakuti mlembi wa Chichewa akapanda kupeza phindu pa buku lake loyamba salembanso lachiwiri, ndipo ana athu ndiwo amatsala opanda chowerenga. Kulemba pachikuto cha kabuku kuti n'kovomerezedwa ndi Unduna kapena ndi MANEB pamene sizili choncho ndi chinyengo. Aliyense amene walemba buku ndipo akufuna kuti lizigwiritsidwa ntchito m'sukulu atsate njira yake kudzera ku Malawi Institute of Education.

Kumene mungapereke maganizo

Kholo kapena munthu aliyense amene waona cholakwika, chonyoza kapena chosayenera ana m'notsi kapena m'buku lililonse akauze mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo kapena komiti ya makolo ndi aphunzitsi, atatenga chipangizocho ndi kusonyeza tsamba lake. Nkhani ikapanda kutheka pasukulu, ipite ku ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Blantyre. Unduna ukupempha kuti madandaulo adzere njira zimenezi m'malo mokalimbana ndi mphunzitsi pamaso pa ophunzira.

Ofesi ya Zofalitsa Nkhani
Unduna wa Zamaphunziro